Botolo la pa Kilomita ya 38

Lamlungu, 17 Ogasiti

Nambala 3. Maola 8, mphindi 51. Ndilembenso kuti ndikhulupirire: nambala 3.

Matikiti a akazi opita ku mpikisano wa dziko lonse lapansi analipo atatu okha. Yachitatu ndi yanga. Zaka khumi ndi chimodzi ndikuisaka, yabwera ndili ndi zaka 36. Ndinkayesa ndidzalira. M'malo mwake ndasanza m'ndowa, ojambula ali pompo.

Kusambira, makilomita 3.8. Madzi ozizira, wina wandiponda mphuno ndi chidendene. Njinga, 180, mphepo ya kumadzulo monga mwa masiku onse. Kuthamanga, 42. Ndikukumbukira mpaka pa 33. Kuchoka apo zidutswa zokhazokha. Msewu woyera mbee. Phokoso. Kenako Troels, kochi wanga, akundikuwira kukhutu: "Runa, wamaliza! Taima iwe, ukupitanso kuti?"

Wiebke wa ku Germany wafika masekondi 40 pambuyo panga. Sanandipatse dzanja. Sindikumunena, inenso sindikanatero.

Chikhadabo cha chala chachikulu chada kale. Adadi sindinawaone. Akuti anabwera koma anyamuka msanga kuthawa mzere wa magalimoto. Ndi mmene alili.

Lolemba, 18 Ogasiti

Masitepe ndatsika chafutambuyo. Buledi wakuda, mazira atatu, njala osatha.

Foni ya Troels ndili pakati pa khofi. Wiebke wakadandaula kukomiti. Pali kavidiyo.

Ndakaonera mwina kamakumi awiri. Masekondi 14 okha. Pa kilomita ya 38, pafupi ndi mlatho. Ine ndikudzandira ngati woledzera. Mwamuna wa jekete lachikasu akutuluka m'gulu la anthu, akundipatsa botolo lobiriwira. Ndikumwa, ndikumubwezera. Akuthamanga pambali panga mapazi asanu ndi limodzi. Ndikutembenuka, milomo yanga ikuyenda. Mawu sakumveka, mabelu ndi ng'oma zokhazokha.

Mwamunayo ndi adadi. Jekete ndi lija ankavala pantchito, pa sitima yowolotsa magalimoto.

Lamulo ndi ana omwe amalidziwa: sulandira kanthu kwa munthu wakunja. Madzi, chakudya, siponji, zonse patebulo la mpikisano, m'manja mwa othandiza basi. Ukalandira kwa wako, wachotsedwa. Tikiti ipita kwa wa nambala 4, Wiebke.

Koma ine sindikukumbukira. Olo pang'ono. Ndikumuyang'ana mkazi wa m'kavidiyo uja, kabudula ndi wanga, nambala ndi yanga, koma zomwe zinali m'mutu mwake sindikuzidziwa. Ndachita mantha.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Troels wabwera ndi fomu komanso mapu. Wayala patebulo, wasuntha mbale zanga osapempha. Othandiza onse tsiku lija anavala malaya achikasu. Tebulo la madzi linali mamita 150 kutsogolo kwa mlatho.

"Nkhani yathera pompo," akutero. "Unaona chikasu, unayesa wothandiza. Lemba kuti munthuyo sunamuzindikire. Si bodza, eti?"

Ndati sindikudziwa.

"Sukudziwa chiyani? Unawaona kapena sunawaone? Iwe, usandipweteketse mutu. A kampani ya njinga amene amakulipira anena poyera, popanda tikiti, Disembala ukhala wapansi. Ukufuna uzikayeza anthu nsapato m'sitolo ku Aarhus?"

Sakunama. Ndiye chimene chikundipsetsa mtima.

Fomuyi ikufuna ndisankhe. Ngati ndinawazindikira, ndine wakuba. Ngati sindinawazindikire, ndine mwana amene anayang'ana bambo ake m'maso, pafupi chonchi, osawadziwa. Troels akuona kuti chachiwirichi ndi nkhani yabwino. Mpaka anamwetulira.

Ndawaimbira adadi masana. Mphindi khumi za mpanda wa maluwa umene wakula, ndi za boti la aneba. Nditawapanikiza za botolo: "Ndiye ndikanatani, mwana wanga? Unkagwa. Ndiziomba m'manja?" Ndafunsa kuti ndinanena chiyani. Iwo: "Kunali phokoso. Makutu anga ukuwadziwa, zaka makumi atatu m'chipinda cha injini."

Makutu omwewo amamva ketulo ikuwira iwo ali kumunda.

Chondizunguza kwambiri n'chakuti lamuloli anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndili ndi zaka 19 tayala linaphulika pampikisano iwo ali pomwepo, pampu ili m'manja. Anaibisa kumbuyo. Ndinakankha njinga makilomita asanu ndikulira, iwo akutsatira patali. Sabata yonse sindinawalankhule. Lero munthu yemweyo ndi botolo?

Loweruka, 23 Ogasiti

Troels anati ndipume sabata ziwiri. Ndakwera njinga. Sindidziwa kuti anthu amatani Loweruka.

Ndasochera. Pamsewu umene ndadutsapo kambirimbiri. Ndangopezeka pa tchalitchi china, ng'ombe zikundiyang'ana, osadziwa kuti kumadzulo n'kuti. Ndakhala pampanda theka la ola. Ndatseka maso kuti mwina 38 ibwere. Kukubwera kukoma kwa mchere ndi shuga pakamwa. Dzanja lotentha pachigongono. Kapena ndikungopeka chifukwa ndaonera kavidiyo kochuluka? Mutu wanga sukugwira.

Masiku onsewa ndakhala ndikumutukwana Wiebke mumtima. Zinkandithandiza. Lero wanditumizira uthenga: "Sindikudana nawe. Nanenso bambo anga anali pa 38, ndi botolo m'manja. Ndinawadutsa."

Ndawerenga nditaimirira m'khitchini, chisoti chikadali kumutu.

Madzulo ndalemba fomu. Mizere itatu. Ndinali nditatheratu mphamvu. Ndinaona chovala chachikasu. Munthuyo sindinamuzindikire. Ndasaina.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Mlandu wa pakompyuta, 2 koloko. Anthu atatu a komiti, wapampando mayi Dalsgaard, magalasi pamphuno. Wiebke m'kabokosi kake, nkhope gwa. Troels pambali panga akugwedeza mwendo mpaka tebulo kunjenjemera.

Adadi analowa ali kwawo ku Struer. Atavala tayi. Tayi ija ya pamaliro a amayi. Atakhala pansi, kamera inkangoonetsa mphumi ndi denga, palibe amene analimba mtima kuwauza.

Anavomera zonse. Botolo ndi lawo, lamulo amalidziwa, kulakwa n'kwawo. Mayi Dalsgaard anafunsa ngati ndinawadziwa. "Ayi, mayi. Anandiyang'ana ngati akuona mtengo wa magetsi." Nanga analankhula chiyani? "Za m'maloto. Munthu akatopa choncho salankhula zomveka."

Anatitulutsa mphindi 25. Chigamulo: chenjezo basi. Tikiti ikhala yanga. Adadi asayandikirenso msewu wa mpikisano kwa chaka. Iwo: "Zikomo, mayi, miyendo inali itayamba kale kudandaula." Wina anaseka. Wiebke anazimitsa kamera osatsanzika.

Troels wandinyamula m'mwamba, wathamangira keke. Wadya magawo atatu, ine theka. Akukamba kale za kuzolowera kutentha, za ndege, za matayala atsopano. Ndiyenera kutsimikiza tikiti pofika Lachisanu masana.

Ndapambana. Ndiye bwanji ndikungomva mtengo wa magetsi, mtengo wa magetsi? Munthu amene anandilera yekha kuyambira ndili ndi zaka 12. Amene ankadzuka 5 koloko kundiperekeza kokasambira, n'kukagona m'galimoto podikira. Ndinamuyang'ana choncho? Zikundiwawa. Ndikuchita manyazi ndi chinthu chimene sindikuchikumbukira n'komwe.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Ku Struer. Ndinati ndikawathandize kudula mpanda uja. Zoona zake ndinapita kukapepesa.

Iwo pamakwerero ndi makina odulira, ine pansi ndikuwola masamba. Ndayamba katatu, mawu osatuluka. Kachinayi ndangoti pepani adadi, pepani kuti sindinakudziweni. Sanatembenuke. Ndabwerezanso. Ndayamba kulira, kulira kwenikweni, kumene sikunabwere Lamlungu lija.

Azimitsa makina.

"Tasiya kupepesa zinthu zimene sunachite. Unandidziwa bwinobwino."

Anatsika pang'onopang'ono, anavula magolovesi, akuyang'ana mpanda osati ine.

"Unandigwira mkono. Unati, adadi, nditengeni, tiyeni tizipita kunyumba."

Ndafunsa kuti iwo anayankha chiyani.

"Ndinati atsala anayi okha, thamanga. Mapazi aja ndinathamanga nawe, ndinkaganiza zokukokera kunja kwa msewu. Galimoto inali pafupi. Ndinakusiya. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino."

Kenako akuti khofi. Ngati palibe chachitika. Atulutsa makapu a maluwa, mabisiketi a m'chitini.

Ndiye ndinawadziwa. Fomu ija ndi bodza. Poisaina sindinkadziwa kuti ndi bodza, koma lero ndikudziwa, ndipo sindikudziwa ngati zimenezo zimasintha kanthu. Adadi ananama atavala tayi, chifukwa cha ine, ndipo anadzitcha mtengo wa magetsi pamaso pa anthu achilendo. Ndikaulula, ndawayalutsa iwowo. Ndikakhala chete, Wiebke amene anadutsa bambo ake atsala kwawo.

Ndipo mkazi uja wa pa 38, amene ndakhala ndikumufunafuna sabata yonse, sanapemphe tikiti. Anapempha kupita kunyumba. Zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye ndani akufuna kupita kumpikisanoko, iye kapena ine? Kapena Troels?

Ndili m'chipinda changa chakale, dzuwa likadalipo. Kunja makina ayambanso kulira. Troels waimba kanayi. Imelo yotsimikiza tikiti ili yotsegula, batani lobiriwira, kungodina kamodzi. Pansi pa kalata ya chigamulo pali foni ya mayi Dalsgaard. Manambala asanu ndi atatu.

Ndadina asanu ndi awiri.