Malo a Fiskani ku Manda a Kamphinda

KOMITI YA MANDA NDI MALIRO, KAMPHINDA, LILONGWE

Tsiku: Loweruka, 8 Juni 2024
Malo: kalasi ya sukulu ya mkaka, kuseri kwa tchalitchi
Nthawi: tinapangana 2 koloko masana, tinayamba 3 itadutsa, podikira a Wapampando amene masiku ano amagona ku Area 12 ndipo galimoto yawo imaopa msewu wathu.

Opezeka: a Lexon Kachingwe (Wapampando), mayi Eneless Mvalo (wachiwiri wawo), a Dalton Nasoni (mkulu wa adzukulu), a Orton Mhango ndi a Hamdani Saidi (oimira anthu obwera, malamulo athu amawalola kulankhula koma osavota), ndi ine Efelo Chimwaza (Mlembi).

Osapezeka: a Gregory Mbewe (anapepesa), mayi Hellen Chisale (sanapepese, anaoneka ku Msika wa Lilongwe akusankha nsalu).

1. Kutsegula

A Dalton anapemphera mwachidule.

2. Za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga kuti manda athu apanikizidwa ndi mipanda ya nyumba mbali zonse, ndipo malo atsala 27. Mwezi watha komiti inagwirizana kuti malo otsalawo akhale a eni mudzi okha, obwera azipita kwawo kapena ku manda a khonsolo. Zilembedwe kuti tsiku limenelo Mlembi nayenso anakweza dzanja. Palibe anandikakamiza.

3. Kalembera wa mitundu

Wapampando anati pofuna kudziwa mwini ndi wobwera, mayi Eneless anayenda khomo ndi khomo. Mayi Eneless anawerenga kuti makomo onse alipo 386. Achewa 141, koma pa amenewo a nthaka ino ndi 58 okha, enawo ndi a ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji. Angoni 63, Ayao 52, Alomwe 47, Atumbuka 39, Asena 14, Atonga 11, Ankhonde 6, ndi makomo awiri a Amwenye kumapeto kwa msewu, amene sanatsegule geti, anawerengedwa ndi mlonda wawo. Patsala makomo 11 amene anaikidwa pa mzere wa "Ena": Maburundi a magolosale, mayi uja amene bambo ake anali Mgiriki wa fodya, ndi ena osadziwika pogwira.

Wapampando anapukusa mutu nati tatha, mudzi wa makolo athu tatsala ochepa ngati alendo. A Hamdani anati iwo akusoka pakhonde lomwelija ku Msika kuyambira 1981, ndipo suti imene a Wapampando anakwatira nayo anasoka ndi iwo, koma zikomo powadziwitsa kuti akadali alendo. Anati za manda iwo sadandaula, Asilamu ali ndi awo.

A Orton anafunsa kuti powerenga amatsata chiyani. Mayi Eneless anati amafunsa kuti amayi anu ndi a kuti, popeza mwana ndi wa kwa mayi. A Orton anati kwawo ku mpoto ukamufunsa munthu choncho akuseka, chifukwa mwana ndi wa kwa bambo. Mayi Eneless anati kuno si ku mpoto. A Orton anati akudziwa, akhala akuuzidwa zimenezo zaka 33, ku Capital Hill ndi kuno komwe.

Mlembi anafunsa ngati a Wapampando analembedwa pa Alomwe, popeza tonse achikulire tinawaona bambo awo akutsika mu lole kuchokera ku Thyolo ndi kachikwama kamodzi. Wapampando anati amayi awo anali a pano, ndipo funsolo lisalembedwe. Lalembedwa.

4. Maliro a Fiskani Chimwaza

Wapampando anadziwitsa komiti kuti Fiskani Chimwaza, wa zaka 36, kalipentala, anamwalira Lachiwiri ndipo thupi likadali ku mochale, lero tsiku lachisanu. Abale akupempha kuti aikidwe m'manda athu pafupi ndi bambo ake. Anaonjeza kuti malemuyu ndi mdzukulu wa Mlembi, mwana wa mwana wake wamwamuna, choncho Mlembi azingolemba. Mlembi anati dzanja lilemba, pakamwa sanabwereke kwa munthu.

Mayi Eneless anati nkhaniyi ndi yosavuta. Amayi a Fiskani anali Nyagondwe, Mtumbuka wa ku Rumphi, ndiye Fiskani ndi wa ku Rumphi. Anati iwo anamulemba pa Atumbuka, ndipo ngakhale dzina lake likunena lokha.

A Orton anati Lachinayi anaimbira foni amalume ake a malemu ku Rumphi, chifukwa palibe wina pano akanamvana nawo. Amalumewo anayankha kuti: "Ng'ombe zitatu tinalandira kale mu 1987. Mwana ndi wa kwa bambo ake. Ife tibwera kudzalira, koma malo kuno alibe." A Orton anati pa mwambo wa kwawo amalumewo sanalakwe, choncho Fiskani achotsedwe pa Atumbuka.

Mayi Eneless anati pa Achewa a nthaka ino sangalowe. Wapampando anati ndiye aikidwe pa "Ena". Mayi Eneless anafufuta 39 nalemba 38, anafufuta 11 nalemba 12. Anachita kunyambita pensulo.

Mlembi anapempha kulankhula, anakanizidwa, analankhula. Ndinati ng'ombe zitatu zija ndinazisaka ine ndi malemu mwamuna wanga, chifukwa a ku Rumphi anati popanda ng'ombe palibe ukwati, ndipo anthu a pano anatiseka kuti tayamba kugula akazi. Nyagondwe anapita kwawo kukadwalira Fiskani ali ndi zaka zinayi, sanabwererenso. Mwanayo ndinamulera ine, mchombo wake uli kuseri kwa nyumba yanga. Ku Rumphi sanapondeko phazi. Chitumbuka ankadziwa "yewo" yekha, nayenso anaphunzira kwa a Orton. Ndinafunsa mayi Eneless kuti bokosi la amayi awo anakhoma ndani usana wonse osadya. Anayang'ana pawindo.

A Dalton anati iwo sadziwa za mizere ya m'kope, koma Fiskani wakumba nawo manda amenewa zaka khumi ndi ziwiri. Anati kwa Wapampando: "Akulu, pa manda a bambo anu, pamene tinapeza mwala uja, amene analowa ndi chitsulo mpaka manja kutuluka magazi ndi yemweyu. Tsiku lija simunafunse za amayi ake." Wapampando anati akuthokoza ntchito ya malemu, koma kukumba si kubadwa. Anati tikatsegulira mmodzi, mawa abwera onse amene bambo awo okha ndi a pano, ndipo mayi Eneless awapeza makomo 19 otere.

A Hamdani anati munthu masiku asanu mufiriji, kwawo zimenezo sizichitika ngakhale kwa mdani. Wapampando anawakumbutsa kuti savota.

Anavota. Mlembi analetsedwa chifukwa ndi mwini maliro. A Dalton anavomera. Mayi Eneless anakana. Wapampando anatsekula foni, anaitseka, nakana. Pempho linagwa, awiri kwa mmodzi.

Pamenepo Mlembi anakumbutsa komiti kuti pambali pa malemu mwamuna wake, pansi pa mtengo wa mkuyu, pali malo amene anasungidwira iye, ndipo iye ndi wa nthaka ino kuchokera kwa amayi, agogo ndi amayi awo a agogowo, palibe pensulo ingafufute. Anapempha kuti Fiskani agone pamenepo. Pali mapazi asanu okha kufika pa bambo ake.

Mayi Eneless anati zimenezo sizinachitikepo. A Dalton anati malo 27 aja sachepa, chifukwa a gogo Efelo anali kale kunja kwa chiwerengero. Wapampando anati avomera, koma pa mfundo imodzi: banja la Chimwaza lisadzabwerenso kudzapempha malo ena. Anati: "Amayi, mumvetse bwino. Tsiku lanu likadzafika, ndi ku khonsolo." A Orton anati bwana, mayiwa ali ndi zaka 78, anabadwira pano. Wapampando anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake akufuna zilembedwe lero mwini wake ali moyo, ndi dzanja lake, kuti pasadzakhale mkangano pa maliro.

Chigamulo: Fiskani Chimwaza aikidwa Lolemba, 10 Juni, pa malo a Efelo Chimwaza. Efelo Chimwaza alibenso malo m'manda a Kamphinda, ndipo akadzamwalira adzapita ku manda a khonsolo. Onse anavomera. Ndalemba ndi dzanja langa monga anafunira.

5. Zina ndi zina

A Dalton anati makasu awiri ndi fosholo zinabwerekedwa ndi anthu a ku Area 9 okonza maluwa, sizinabwerere, choncho Lolemba aliyense abwere ndi khasu lake. Mayi Eneless anafunsa ngati pa mwambo wa maliro padzakhale nyimbo za Chitumbuka, kuti amayi a chigwirizano adziwiretu. Mlembi anati adzaimbe zimene akufuna, womvera palibe. Wapampando anapepesa kuti Lolemba sadzapezeka, ali ndi msonkhano ku City Centre, koma atumiza nkhata.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 13 Julaye, malo omwewa. Mlembi anapempha kuti pa tsikulo pasankhidwe mlembi wina wa komiti ino, popeza iye tsopano alibe gawo m'manda amene akuwalemberawa. Wapampando anati ziganiziridwa. A Orton anatseka ndi pemphero nthawi ili 5:20 madzulo.

Wapampando: ______________________
(A Kachingwe ati asayina Mlembi akachotsa mawu ena. Sindichotsa.)

Mlembi: Efelo Chimwaza