Sitima ya a Dizilo pa Tebulo Langa Lodulira Nsalu

Lolemba, 3 Malichi

A Dizilo, bambo a kunyumba, abwera ndi laputopu ya kuntchito n'kuikhazika pa tebulo langa lodulira nsalu, osapempha n'komwe. Dzinali salidziwa. Ndimawatchula choncho mumtima chifukwa zaka 24 akuyendetsa sitima ya katundu, fungo la dizilo linakana sopo aliyense.

Nkhani yake ndi iyi. Kampani yagula sitima zatsopano, akuti za haibulidi, zoyendera dizilo komanso batire. Madalaivala alipo 14, akufuna 6 okha. Otsalawo alandira kalata yothokoza, ndipo nyumba ya kampani abweze. Ino tikukhalayi. Posankha, aliyense ayendetse sitima ya m'kompyuta kwa sabata, malikisi azipita okha ku ofesi. Makina enieni ophunzitsira akuti ndi odula, ndiye a Tayi, bwana wa zamaphunziro, anangogula gemu. Gemu yeniyeni, yoyamba ndi kanyimbo.

Ndafunsa, "Ndiye ntchito yanu ili m'manja mwa chidole, bambo?"

Akuti, "Mayi, ine ndinakwera chitunda ndi mabogi makumi atatu mvula ili pamsana. Kameneka ndikatafuna."

Lachiwiri, 4 Malichi

Otafunidwa ndi iwo. 31 pa 100.

Ndimamvetsera uku ndikupinda siketi. Malamulo ake si ambiri. M'tauni dizilo azime chifukwa cha utsi, uyendere batire. Pachitunda uyatse zonse ziwiri. Pamtsetse mabuleki amadzazanso batire. Vuto lili posintha. A D. amasindikiza batani ngati akupha mphemvu, mabogi n'kugundana, kenako kamayi ka m'kompyutamo n'kunena mwaulemu kuti katundu wawonongeka. Iwo amakayankha. "Iwe unakwerapo sitima iwe?"

Pomaliza agamula mlandu. Mapanga awiri avumbwitsa, sitima yolongosoka ikhale ndi mtima umodzi.

Lachitatu, 5 Malichi

28. Akutsika. Ndati mwina azisintha mofatsa. Akuti sitima si siketi. Chabwino.

Lachinayi, 6 Malichi

A D. apita ulendo wautali, abwera Lamulungu. Laputopu aisiya yotsegula, ati ingoona nkhope yawo akabwera.

Cha m'ma 10 magetsi athima ndili pakati pa diresi la mayi abusa. Makina anga ali ndi mota komanso chopondera, ndiye ndasintha lamba n'kupitiriza ndi phazi monga mwa masiku onse. Chinsinsi chake n'chimodzi, gudumu salikakamiza. Umaliyambitsa ndi dzanja, phazi n'kulowa pamene gudumu lafika, osati pamene iwe ukufuna. Ukachita phuma ulusi uduka. Ndili mkati moponda ndazindikira kuti ine haibulidi ndakhala nayo zaka 15 pakhonde pano, popanda wondiitanira kumaphunziro.

Ndinangoti ndione. Kuona kwake ola ndi theka. Bweza mphamvu pang'ono, leka mabogi akankhe okha, sintha, kenako onjezera pang'onopang'ono. Mabogi ali zii. Kamayi kaja kandithokoza, mawu amene a D. sanawamvepo.

84.

Ndasangalala, ndisaname, ndavina ndekha m'nyumba. Zoti malikisi amapita okha ku ofesi ndinaiwala. Kapena sindinaiwale. Diresi la mayi abusa lilibe manja mpaka pano.

Lachisanu, 7 Malichi

M'mawa 91, masana 97. Mabogi 30 a simenti, ndadutsa nawo m'phanga, ndalowa m'tauni mwakachetechete, batire itatsala pafupifupi theka.

Koma dziko la m'gemuli! Udzu wometa, milatho yopaka penti, palibe mbuzi yogona panjanji, palibe njinga yodutsa chitsulo chotchinga msewu chitatsika kale. Munthu ndaona mmodzi yekha, waima pasiteshoni manja m'thumba kuyambira dzulo. Amene anapanga zimenezi sitima anaiona pakalendala.

Mayi abusa atumiza uthenga. Ndayankha kuti magetsi.

Lamulungu, 9 Malichi

Abwera. Asanavule nsapato foni yalira, a Tayi. Ndimamva ndili kukhitchini, "Zikomo bwana... eya bwana... 97, bwana?" Foni itaduka aima pakhomo la khitchini, chikwama chidakali paphewa.

"Mayi, mwagwira chinthu changa?"

"Ndimapukuta fumbi."

"Fumbi la 97?"

Ndinakonzekera mkuntho, sunabwere. Adya, asamba m'manja, kenako akuti, "Ndiye mwandipulumutsa kapena mwandipha?" Ndangosonkhanitsa mbale.

Lolemba, 10 Malichi

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lachisanu kukubwera bwana wamkulu, ndipo a Tayi akufuna katswiri wa 97 akayendetse pamaso pa onse muholo, pa sikirini yaikulu.

Masana anabwera mkazi wa a Ndevu, dalaivala mnzawo, kudzayesa bulauzi. Tepi ili m'chiuno wandinong'oneza kuti 78 ya amuna ake anayendetsa ndi alamu ake a kubanki. Wina zake anamuyendetsera wometa tsitsi. Winanso apongozi ake, mphunzitsi wopuma. Akuti pa madalaivala onsewo amene walimbana nayo yekha mpaka mapeto ndi mmodzi, ali ndi 19, ndipo aliyense amadziwa kuti ndiye dalaivala wosamala kuposa onse.

Ine ndimvekere, "Anthu alibe manyazi," mapini ali kukamwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Masiku awiri akudzitsekera pabalaza. 44, 39, 47. Tebulo langa analanda, ndikudulira nsalu pabedi.

Ndagogoda ndi tiyi, ndati, "Bambo, ndikuonetseni kamodzi kokha posinthapo."

"Zaka 24, lero ndiphunzitsidwe ndi telala?"

Zandiwawa. Telala yemweyo ndi amene amasoka maovololo awo akang'ambika. Koma thukuta linali kamukamu pamphumi, ndiye mkwiyo wandithera panjira. Ndikuopa. Lachisanu akakapeza 40 pamaso pa anthu, sadzangochotsedwa, adzachotsedwa ngati wakuba mayeso, ndipo wakubayo ndine. Ndapempha makatoni awiri osamukira kugolosale, ndawabisa kuseri kwa kabati.

Lachisanu, 14 Malichi

A Tayi anati mabanja abwere kudzaomba m'manja, ndiye ndinapita. Muholo munali maluwa apulasitiki ndi nsalu yolembedwa za tsogolo. Bwana wamkulu anachedwa maola awiri, atafika analankhula za kusunga nthawi.

A D. anakhala pampando. Sitima inanyamuka pasiteshoni bwinobwino, poti dizilo ndi wawo. Kenako pasikirini panaoneka chikwangwani cha tauni, posinthira paja. Dzanja lawo linaima m'mwamba. Ine phazi likuponda lokha pansi pa mpando. Anamanga mabuleki, sitima inaima pakati pa thengo, iwo n'kuimirira.

"Mabwana, 97 ija si yanga. Anayendetsa ndi mayi akhala apowo, akazi anga, ndi telala. Yanga ndi 47."

A Ndevu amawerenga zingwe za nsapato zawo. Ine ndimafuna pansi patang'ambika, komabe mtima unandiuza kuti munthu uyu sindinalakwitse kukwatiwa naye.

Anayamba kuseka ndi a Tayi. "Madalaivala athu ndi anthabwala, bwana, ndiponso odzichepetsa."

A D. anabwereza kuti si nthabwala. Bwana wamkulu anayang'ana papepala, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti, "Lipoti linapita kale kulikulu, ndi chithunzi chanu chomwe. Kompyuta sinama, apa palembedwa dzina lanu. Za m'banja sitilowerera." Anayamba kuomba m'manja, onse n'kutsatira. Chionetsero chinathera pompo, poti bwana anali ndi msonkhano wina. A D. anapatsidwa satifiketi, kapu ndi envelopu. Ine wina anandipatsa botolo la madzi.

Mndandanda aumata pakhomo. Dzina lawo lili pamwamba, a Ndevu achitatu, wa 19 uja palibe. Ndinamuona akutuluka ndi mkazi wake, osayang'ana munthu. Nyumba yatsala nafe. Ndimayenera kusangalala.

Loweruka, 15 Malichi

Envelopu atsegula m'mawa uno, tikumwa tiyi. Monga dalaivala wopambana, ndi iwo adzabweretse sitima yoyamba ya haibulidi Lolemba pa 24. Yeniyeni. Mabogi 30 a simenti, kutsika mtsetse wautali uja, ndipo posinthira kupita ku batire ndi pokhotera, msika usanafike. Pamene njanji imadutsa msewu, pamene alamu anga, achemwali awo a D., amayala tomato mikono iwiri kuchokera panjanji. Kumeneko kulibe batani loyambiranso.

Kalatayo awerenga kawiri. Tiyi wazizira.

Adzuka, atenga nsalu za makasitomala zimene zinali pampando, azipinda bwinobwino, kupinda koona. Apita pakhonde, anyamula mpando wanga wa pamakina, auika patsogolo pa laputopu. Iwo akhala pa kampando kotsukira mbale, mawondo ali kukhosi.

"Aphunzitsi, tili ndi masiku asanu ndi anayi. Yambani poyambirira, musandinyengerere."

Ndakhala. Dzanja lawo linali kale pa batani.

"Chotsani kaye dzanjalo, bambo."

Achotsa.