Msoko wa Bambo Wauluka

Heliopolis, Kairo
Ogasiti 1918

Mlongo wanga Zakiya,

Moni kwa iwe ndi onse pakhomo. Chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine ndili bwino, Mulungu ngwamkulu.

Ukudziwa kuti chichokereni ine kwathu ku Rashidi bambo sananditumizirepo mawu. Paja anati mwana wa wosoka matanga a ngalawa akapita kukasokera Angelezi nsalu za ndege ndiye kuti wasanduka telala wa akhwangwala. Mawu amenewo amandiwawabe.

Tsono tamvera. Kuno kwafika chindege cha injini ziwiri, chonyamula mabomba oti ngamila zitatu zingagwade nawo. Mphepo yamchenga inang'amba nsalu ya phiko lake, ndipo anaitana ine. Ndinasoka msoko wobwereza uja, womwe bambo anandiphunzitsa ndi makofi.

Nditamaliza, sajeni anati lamulo la pano ndi lakuti wosoka phiko ndiye amayamba kukwera. Mayo ine! Mnzanga Butros, kalipentala wa ku Asyut, anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti ndimusiyire nsapato poti maliro savala, komanso ndisadye nyemba kuopa kunyowetsa anthu a mu Kairo. Ndinamuuza kuti ndikatsika ndidzamusoka pakamwa ulere.

Anandikhazika m'kadzenje ka wowombera mfuti, kumbuyo kwa mapiko. Chindege chitanyamuka, maso anga anali pa chigamba changa. Nsalu inkanjenjemera, ine mapemphero onse ndinamaliza mpaka kuyambiranso. Koma sinang'ambike, Zakiya, sinang'ambike! Nditasuzumira pansi ndinaona mtsinje wa Nailo, matanga ali mbuu ngati nthenga za nkhunda. Ndinakuwa dzina la bambo misozi ili chuchuchu.

Mawa chindege chija chikupita kunkhondo ku Palestina. Za amene chikawagwetsere mabomba sindifuna kuganiza, zimandidetsa mtima.

Pempho langa ndi limodzi. Chikopa changa chokankhira singano chabooka, undipemphereko chakale chija kwa bambo. Akakana usalimbane nawo. Ungowauza kuti msoko wawo unakwera kuposa mlongoti uliwonse wa pa Nailo, ndipo ulusi ngakhale umodzi sunaduke. Akatembenukira kukhoma, unene mokweza. Amamva aja.

Undiperekere moni kwa amayi, amalume ndi alamu anga.

Ndine mlongo wako wotsika kumwamba nsapato zili kuphazi,
Shehata