Mipando Iwiri Pakhomo la Sukulu

Pontefract, 12 Meyi

Mlongo wanga Duncan,

Ndikudziwa kuti ukangoona envelopu ya dzanja langa uganiza kuti kwagwa zovuta. Khala pansi, palibe wamwalira. Bambo alipo, dzulo anadya payi yanyama yonse okha n'kumadandaula kuti inali yaing'ono. Kaya inu muli bwanji kutsidya kwa nyanja ku Perth? Msana wa mlamu wanga Kirsty unapola? Ana akukula bwino? Kuno ndi mvula basi.

Komabe si zonse zili bwino. Pali zinthu ziwiri zimene ndakubisira, ndipo zandilemera.

Ukudziwa kuti Bambo ndi mng'ono wathu Roz anasiya kuyankhulana pa Khrisimasi, koma sunamve m'mene zinayambira. Tili patebulo, Roz anaulula kuti wang'amba khadi lake la chipani chofiira n'kulowa chobiriwira. Anati sangamagogodenso makomo a anthu kupempha mavoti pomwe mtima wake ukutsutsa zogulitsa zida kumayiko amene ali pankhondo. Bambo anati munthu akakwiya ndi chipani amakhala momwemo n'kumakalipa pamsonkhano, monga achitira iwo zaka makumi asanu. Roz anafunsa kuti zaka makumi asanu zokalipazo zawapindulira chiyani kupatula baji. Bambo anavula kachisoti kapepala ka Khrisimasi kaja, kukapinda bwinobwino, n'kumuuza kuti khomo akulidziwa.

Choyamba chimene ndabisa ndi ichi. Mu Febuluwale ndinawaperekeza kwa dokotala chifukwa dzanja lawo lamanja linkanjenjemera. Ndi matenda a Parkinson. Sapha msanga, koma sabwerera m'mbuyo. Dokotala akuti pang'onopang'ono miyendo idzalemera, mawu nawo adzachepa mphamvu. Tikutuluka, Bambo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Akuti Roz akamva abwera ndi chifundo, ndipo iwo chifundo cha wobiriwira sachifuna.

Chimene chimandidetsa nkhawa, Duncan, si kugwa pamasitepe kokha. Miyezi imene akuwononga pokwiyiranayi ndiyo miyezi yawo yabwino, pomwe mawu adakalipo.

Chachiwiri ndi chinyengo changa. Lachinayi lapitali kunali chisankho cha makhansala. Unachoka kalekale, ndiye ndikukumbutse za olemba manambala aja. Chipani chilichonse chimakhazika munthu wake pampando panja pa malo ovotera, atavala duwa lansalu la mtundu wa chipani chake pachifuwa. Wovota akamatuluka, amamupempha nambala ya pakhadi lake lovotera, kuti madzulo chipani chidziwe amene sanavote n'kukawagogodera. Lamulo lake ndi limodzi: pakhomopo ndale siziyankhulidwa. Ndipo mwambo wake ndi wakuti wina akaphonya nambala, mnzake wa chipani china amamuuza. Adani amagawana manambala ndi tiyi ngati apachibale.

Ndandanda ya olemba manambala a chipani chofiira m'dera lathu ndimalemba ndine. Ndinafunsa mwamuna wa Roz mwakachetechete kuti mkazi wake akhala kuti, nthawi yanji. Kenaka ndinaika Bambo pasukulu ya pulaimale yomweyo, kuyambira 10 koloko mpaka masana.

Ndinaimika galimoto patsidya n'kumayang'ana. Bambo ataona Roz pampando winawo anaima ngati akufuna kubwerera. Koma ukuwadziwa, kuthawa ntchito ya chipani sangathe. Anakhala, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete, nkhope italoza kumsewu.

Anatuluka Mayi Ogden, aja ankagulitsa nsomba ndi tchipisi, n'kuwerenga nambala yawo mokweza. Apa Bambo anayenera kutulutsa dzanja. Pensulo inavina papepala, inagwa, n'kugubudukira kumapazi a Roz. Iye anaitola. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenaka anakoka kabolodi kolemberapo ka Bambo, kukaika pabondo pake pambali pa kake, n'kulemba nambalayo pawiri.

Nditapita ndi fulasiki ya tiyi ndinawapeza akukangana monong'ona. Bambo akuti taonani, wobiriwira akuba mavoti dzuwa likuswa mtengo. Roz akuti dzuwa lake liti mvula yonseyi, khalani chete Bambo, ndale pano n'zoletsedwa. Maola awiri athunthu Roz anagwirira ntchito zipani ziwiri. Popeza za zida ndi za nkhondo zinali zotsekedwa, anayankhula za nkhono zimene zatha kabichi kudimba kwa Bambo, ndi za denga la Roz lodontha. Nthawi itakwana, Bambo anamuuza okha dzina la matenda, akuyang'ana nsapato zawo.

Madzulo ake Roz anandiimbira n'kundikalipira mpaka khutu kutentha. Akuti ndinali ndani ine kumubisira miyezi itatu. Sindinamutsutse. Loweruka anabwera kwa Bambo ndi supu. Sanagwirizane chilichonse, usaganize choncho. Bambo anamuuza kuti galimoto yake ya chikwangwani chobiriwira aziimika kuseri kwa ngodya, anthu angaone. Koma chitseko anamutsegulira okha.

Tsopano watsala iwe. Mavidiyo amene umawatumizira aja, a anthu owoloka nyanja m'timaboti kubwera kuno ndi a chipani chatsopano chodana ndi obwera chija, amawaonera onse. Akuti munthu anakwera ndege kukakhala m'dziko la eni, lero ndiye akutiphunzitsa za obwera. Amaseka, koma chimawapweteka. Iwe ukuganiza kuti sakuyankha chifukwa akunyoza, ndiye mwezi watha unalemba kuti nawenso usiya kuwavutitsa. Duncan, zala zawo sizithanso kugunda timalemba ta pafoni. Ndawaona akuyesa kanayi, kasanu, n'kuiponya pampando.

Sindikukupempha kuti usinthe maganizo ako. Za maboti tidzakangana ukadzabwera, ndili nazo zanga zoti ndikuuze. Ndikungopempha kuti uyese nawenso lamulo la pakhomo la sukulu. Uwaimbire Lamlungu, cha m'ma 10 koloko m'mawa nthawi yakuno, mankhwala akakhala atagwira ndipo mawu akumveka bwino. Theka la ola lokha, popanda ndale. Akayamba okha, uwafunse za nkhono. Za dzanja usatchule, uwasiye anene okha monga anachitira ndi Roz. Akadziwa kuti ndakulembera andikwiyira, koma mkwiyo umenewo ndiusenza.

Undiperekere moni kwa Kirsty ndi ana, uwauze kuti azakhali awo sanaiwale masokosi ndinawalonjeza aja. Mulungu akusungeni nonse. Lamlungu foni ndiiika patebulo pafupi ndi dzanja lawo lamanzere.

Ndine mlongo wako,
Hilary