Wotchi ya Nieves Ikutsalira ndi Ola

Ayamonte, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali a Remedios,

Kaya mwadzuka bwanji kumudziko? Mwendo uja unaleka kutupa? Ine ndilipo, msana wokhawu ndiye wandikana.

Munafunsa kuti tauni ino ndi yotani, poti mwana wanu Nieves amangokuuzani kuti kuli bwino. Ndi tauni ya nsomba basi. Uku nyanja, uku mtsinje, kutsidya ndi Portugal. Munthu ukwera pantoni, fodya asanathe wafika dziko la eni. Nthawi yawo imatsalira ndi ola limodzi, koma ife tikapita kukagula zinthu sitikhudza wotchi. Ubwezerenji poti ubwera tsiku lomwelo?

Nkhani ndi iyi. Nieves ntchito yoika nsomba m'zitini akugwira bwino, sindinama. Koma Loweruka lililonse ali pa pantoni, ati akukakugulirani matawulo, poti kutsidya ndi otchipa. Masabata khumi ndi awiri tsopano. Kodi kwanuko mukusamba kangati pa tsiku?

Dzana tikudya ndinamufunsa nthawi. Anati hafu koloko ya wani, pomwe belu la tchalitchi linali litangolira hafu koloko ya thuu. Ndinati tandionetsa dzanjalo. Iye kuseka, ati amalume mwakalamba, mwayamba upolisi, wotchiyi batire yafooka. Batire yanji yofooka ndi ola lenileni, osapitirira ngakhale mphindi?

Ndinakafunsa Fulgencio, wogulitsa matikiti a pantoni. Anandiyankha zamwano, ati mdala iwe konzekera suti ya ukwati, ndipo uyambe kuzolowera nsomba yamchere ya apongozi akutsidya. Dzina la mnyamatayo anakana kunditchulira. Galu ameneyu.

Pempho langa ndi limodzi. Muwerenge matawulo amene anafika, mundiuze. Akakhala awiri kapena atatu, kwerani basi mubwere msanga, mudzamuone munthuyo ndi maso anu. Munandisiyira mwana, sindifuna mudzamve kwa anthu kuti anawoloka osabwerera.

Musati ndikungoganiza. Inenso ndinabwezapo wotchi yanga ndi ola, chaka chimene ndinakumana kutsidyako ndi malemu Graça, mlamu wanu. Mayi anandidikira pa zokolola za azitona zaka makumi anayi zapitazo. Inu mukudziwa kuti sindinabwere.

Mundiperekere moni kwa alamu a Anselmo ndi adzukulu onse. Nieves musamuuze kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Eulogio