Msangu Wotsala M'munda Mwanu

Amayi, kodi kumeneko muliko bwanji? Kuno ku Kanakantapa mvula yatha ndipo tikukolola. Mukaona zilembo zikupendekera musaseke, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'nsanza, ndipo wandichita zimenezi ndi mwana wanu yemwe, mlongo wanga Lakisoni.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Tisa wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo kukalipa kwake ndi inu ndithu. Luni ndi bonongwe zinamera zokha m'mizere. Ndafutsako, zina ndazisiya zigwetse njere monga munkachitira.

Lakisoni anamuchotsa ntchito ku Lusaka, anabwera mu Febuluwale atanyamula wailesi basi. Mukukumbukira misangu itatu ija munakana kuti aizule pamene tinkaswa mphanje? Munkati, "Msangu ni wamisala, uvula pa mvula, uvala pa dzuwa, koma chimanga cha pansi pake sichipempha feteleza." Iye zimenezi anaziiwalira m'tauni. Ataiona ilibe tsamba pakati pa dzinja anati yafa. Ine ndinali kumaliro ku Chalimbana, pobwera ndinapeza iwiri ili pansi, uvuni wa makala ukufuka. Mng'oma wanu anauswa, njuchi anaziwotcha ndi udzu, zinangoti mbwee pansi zakuda. Ndinamutukwana mpaka mawu anandithera, koma ndinati ndi umbuli, ndimuleke.

Mwezi watha wotsalawo unaphuka. Thengo lonse likufiira, iwo wokha uli biriwiri, njiwa zadzaza m'nthambi. Ndinkayesa achita manyazi. Lolemba m'mawa ndikumva nkhwangwa, go! go! Ndinataya dengu n'kuthamanga.

"Iwe Lakisoni, suona masamba?"

"Ba sisi, masamba sitidya. Ku tauni kwayamba kuzizira, anthu afuna malasha. Chokani, ningakutemeni."

Amayi, ndinatola khasu n'kumumenya ndi mpini pakamwa. Analavula mano pamodzi ndi magazi. Anandigwetsera m'mapesi, nandiponda pachifuwa ndi bondo, ndipo nditaona nkhwangwa ikutsika ndinatchinga ndi dzanja. Inang'amba kuyambira pa chala chachikulu mpaka pamkono, fupa ndinaliona ndi maso anga, loyera. Ndinamuluma khutu osalisiya mpaka anansi anabwera kudzatikoka. Magazi athu anasakanikirana pachimanga chomwe tinakolola, moti ndachipatula, sindingadyetse ana.

Kuchipatala anandisoka, anamwino akufunsa ngati anali akuba. Ndinati ayi, ndi mwana amene ndinamubereka kumbuyo amayi ali kudimba. Pamenepo ndiye ndinalira. Koma kuti ndikumva chisoni pomumenya, ndinganame. Mtengowo uli ndi bala lakuya mbali imodzi, likutuluka utomoni, ndalimata ndi dothi la pachulu.

Sindinakhale manja lende. M'khola la mbuzi munamera timisangu tambiri, tochokera m'ndowe monga munandionetsera. Ndatiwokera kuzungulira zitsa ziwiri zija, ndatchinga ndi minga, ndipo ndimathirira madzulo ndi chitini, dzanja limodzi lomweli. Koma timitengoti tikhala tisanafike m'chiuno kwa zaka, ndipo popanda mayi wawo, msangu wotsalawu, mbuzi zidzadya nyemba za kuti, njuchi zidzabwerera pati?

Dzulo Tisa wandinong'oneza kuti Lakisoni wapangana ndi anyamata owotcha makala a kumsewu, abwera Loweruka ndi sowo yochekera mitengo. Akuti munda ndi wa mwamuna. Ine ndanola chikwanje. Loweruka adzandipeza nditakhala patsinde, msana nditatsamira pabala paja.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti msangu wanu sugwa ine ndikupuma. Mukadzamva kuti wagwa, yalani mphasa kumizimuko, mmodzi mwa ana anu ali m'njira.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati