Ndaona ndulu ya amayi

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti. Lero mantha ndi kudabwa zandigwira limodzi.

Amayi anadzuka akubuula ndi ululu pansi pa nthiti zakumanja, maso ali chikasu. Ndinaganiza kuti khansa imene akhala akudwala yafalikira. Tinakwera minibasi kuchoka pa Nsanama mpaka ku Liwonde.

Kuchipatala adokotala anawapaka mafuta pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo. Pa kanema panaoneka kathumba kakuda.

"Khansa iyayi," anatero. "Ndulu yatupa, muli timiyala."

Ndaona m'kati mwa amayi, iwo ali maso, akupuma! Ine ndimadziwa ndulu ya nkhuku, imene ndimachotsa pang'onopang'ono pachiwindi kuti isawawitse nyama. Sindinaganizepo kuti amayi ali nayonso.

Ndinalimba mtima. "Adokotala, nanga ikaphulika?"

"Tiichotsa isanatero, kenako apitiriza mankhwala a khansa. Munthu amakhala bwinobwino opanda ndulu."

Amayi anaseka ngakhale kunkapweteka. "Muichotse ngati mmene mwana wangayu amachotsera ya nkhuku. Sanaphulitsepo n'kamodzi komwe."

Ndinabisa manja m'chitenje. Tsopano ndikungowayang'ana manja angawa, n'kumapempha kuti manja amene adzagwire amayi asadzanjenjemere...